Ndinkawakankha pa Chikuku Kupita kwa Chibwenzi Chawo

1

Anthu a mumsewu mwathu amandiyesa mngelo. Ndikamadutsa amayi amakodolana, ena amachita kundionetsa kwa ana awo aakazi kuti ukwati ndi umenewu. Chifukwa chake n'chakuti kwa miyezi inayi, Lachinayi lililonse, ndinkakankha amuna anga pa chikuku, njinga ya olumala ija, kukwera chitunda chonse cha kuseri kwa msika, kuwaperekeza kwa chibwenzi chawo. Inde, mwawerenga bwino. Ndinkawasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwaveka malaya osita, n'kukawatula ndekha kwa mkazi wina, thukuta lili kamukamu.

Abusa athu anafika pondipereka chitsanzo pa ulaliki. Ndinaweramitsa mutu, iwo n'kumati taonani kudzichepetsa kwake. Anali manyazi amenewo. Ine si mngelo ayi. Ndinkakankha chikuku chija chifukwa cha zimene ndinachita m'chipinda cha dokotala, ndipo kutamandidwa kwanditopetsa.

2

Amuna anga anthu ankawatcha a Macheka, poti moyo wawo wonse anagwira ntchito pamalo ochekera matabwa. Makina a kumeneko anawasiyira zala zonse khumi, mwayi umene anzawo ambiri analibe, koma anawadya makutu. Pamene tinkakwatirana n'kuti akumva ndi khutu lakumanzere lokha, nalonso mochita kulikuwira. Ine ndinali wogulitsa tiyi pa geti la pamalopo, ndipo mawu aakulu ndinabadwa nawo. Basi ndinasanduka makutu awo. Munthu akalankhula, ine ndinkawerama n'kukuwira m'khutu muja, mpaka msewu wonse unanditcha Sipika. Eni akenso ankandiitana choncho.

Ndivomereretu kuti Sipika ameneyu ankasefa. Achemwali awo akanena kuti nyumba yathu ndi yauve, ine ndinkakuwa kuti akuti mwanenepa. Anzawo akabwera kudzawatenga kuti akamwe, ndinkakuwa kuti angodutsa kudzapereka moni, akufulumira. Mwana wathu atalephera mayeso aphunzitsi analankhula mpaka thovu kukamwa, ine ndinafupikitsa zonsezo kukhala mawu awiri: akuti alimbikire. A Macheka ankangogwedeza mutu. Nyumba yathu inali ya mtendere, ndipo ndinkanyadira kuti mtenderewo ndinkaupanga ndine.

Chinthu chimodzi chokha chinandikanika kusefa. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, Lachinayi lililonse masana ankameta ndevu, kuvala malaya abuluu, n'kunena kuti akukaonana ndi mnzawo pa nkhani za matabwa. Mnzawoyo anali mayi wamasiye wosoka makatani, wokhala pamwamba pa chitunda. Ndinadziwa chaka choyamba chomwe, chifukwa palibe munthu amachokera ku matabwa ali ndi ulusi wapinki pa kolala. Sindinawafunse ngakhale tsiku limodzi. Ndinkangotsuka mbale mokwiya ndi kumenyetsa zitseko, phokoso loti mwini wakeyo sankalimva n'komwe.

3

Khansa inawapeza atapuma kale ntchito. Pamene madokotala ankaitulukira n'kuti itadya fupa la m'chiuno, mbali ya kumanja, ndipo anatiuza mosapita m'mbali kuti kuchira kulibe, chotsala n'kuchepetsa ululu. Zimenezo ndinakuwa zonse, sindinasefeko liwu. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti chilungamo ndimachitha ndikafuna.

Anawapatsa mofini wamadzi, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu. Poyamba ankathandiza, koma kenaka mlingo unkangokwera, iwo n'kumasanza, kusinza ali chikhalire, kuona nyerere pakhoma loyera, ululu uli pomwepo. Munthu wosamva sadziwa kukula kwa mawu ake. A Macheka akabuula, agalu a nyumba yachitatu ankayankha, ndipo anansi anayamba kunena kuti nyumba ija tsopano ili ndi masipika awiri. Ndinkaseka nawo, koma ndikalowa m'nyumba mtima unkandiwawa. Bambo amene ankanyamula thabwa lalitali paphewa limodzi anafika poopa kutsokomola.

Koma likafika Lachinayi, munthu yemweyo ankadzuka. Kumeta kokha kunkawatengera ola lathunthu. Ankavala malaya aja, kutenga ndodo, n'kuyamba kukwawa ndi chitunda. Ulendo wa mphindi makumi awiri unkawatengera maola awiri, ndipo ankabwerako atatuwa, mlomo atauluma mpaka magazi. Sabata yonse wotaya ndowa ndinali ine, wochapa zofunda ine, wowadyetsa ndi supuni ine, koma timphamvu tonse tomwe ndinkawapatsa ankatisungira Wamakatani. Ndinkaima pakhomo n'kumawayang'ana akupita, ndipo sindibisa, nsanje inkanditentha kuposa chisoni.

4

Mankhwala atakanika, a kuchipatala anatitumiza kwa dokotala woona za ululu. Anali mayi wamng'ono thupi, wodekha, wolankhula pang'onopang'ono. Ndinamuuza kuti azilankhula ndi ine, koma iye anakokera mpando pafupi ndi amuna anga n'kumawayang'ana kumaso ngati akumumva. Ndinati mumtima, taya nthawi yako mwanawe.

Anajambula msana papepala. Anati pali jakisoni wobaya pamsana, osati wogonetsa ululu kwa maola ochepa, koma wopha mitsempha yeniyeniyo imene imanyamula ululu kuchoka m'chiuno kupita nawo kumutu. Khansa ikhalapobe ndipo ipitiriza ntchito yake, kungoti uthenga wake suzifika. Anati jakisoni ameneyu sabaya munthu wamba, ndi wa odwala amene mankhwala ena awakanika, ndipo mtsempha ukafa sungaudzutse mawa lake chifukwa choti wasintha maganizo. Ananenanso zina. Zimenezo tizisiye kaye.

Dokotala analankhula mphindi ngati khumi. Ine ndinawerama n'kukuwa kuti: “Akuti akubayani pamsana, ululu utha.”

“Mayi, mwawauza zonse?” anandifunsa dokotala.

Ndinamuyankha kuti takhala limodzi zaka makumi atatu ndi zinayi, timamvana ndi mawu ochepa, ndipo zotsalazo ndikawafotokozera bwino kunyumba. Sanakhutire. Anatulutsa pepala limene panalembedwa zonse n'kuwapatsa kuti awerenge okha asanasaine. A Macheka anapapasa m'thumba kufuna magalasi awo owerengera. Magalasiwo anali m'chikwama changa, pansi pa mpango, koma ndinati tawaiwala kunyumba. Dokotala analoza pepalalo n'kuwafunsa ngati amvetsa ndiponso ngati akuvomera. A Macheka anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamugwedezera mutu n'kusaina.

Patatha sabata anawabaya. Anandilola kulowa nawo, atandiveka chipewa ndi chophimba kukamwa, chifukwa wodwala amayenera kukhala maso kuti azinena zimene akumva m'thupi, ndipo onse m'chipindamo anali ataphimba kukamwa. Anawagoneka cham'mbali, mbali yopwetekayo pansi, n'kupendeketsa bedi pang'ono. Nesi anandifotokozera kuti mankhwalawo ndi olemera kuposa madzi a mumsana, ndiye amatsikira okha kunsi kumene kuli mitsempha yovutayo. Anachenjeza kuti asagwedezeke ngakhale pang'ono. Singano yake ndinaiona kamodzi n'kuyang'ana kudenga.

Dokotala ankathira pang'onopang'ono n'kumandiuza kuti ndiwafunse akumva chiyani. Ndinkakuwa, nesi n'kumatsinzina. A Macheka anati m'chiuno mukufunda ngati wina wawatayira tiyi. Kenaka anati, ndi mawu a munthu wodabwa:

“Sipika, chachoka.”

Anawasiya chigonere choncho kwa ola, ndipo munthu amene anatha miyezi osagona tulo tenitweni anayamba kuliza mkonono pamaso pa madokotala. Ndinalira mpaka chophimba kukamwa chija chinanyowa. Misozi imeneyo inali yoona, ndipo ndikupempha kuti muikumbukire mukafika kutsogoloku.

5

Tsiku lachiwiri anayesa kuwaimiritsa. Mwendo wamanja unangopindika. Anayesanso, phazi linkangokhwekhwereza pansi, lopanda mwini. Dokotala anaugogoda, anautsina, kenaka anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti ndi zija tinakambirana zija. Ndinagwedeza mutu msangamsanga n'kukuwira amuna anga kuti akuti zimachitika. Tinatuluka m'chipatala ndi chikuku.

Kunyumba anali munthu wina. Ankadya, ankaseka, ankaumenya mwendowo n'kumautcha mlendo. Ankati mlendoyu sadya, salankhula, koma sakufuna kuchoka. Sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo sanandifunse chilichonse.

Lachinayi loyamba anapempha lumo ndi malaya abuluu. Ndinawapatsa. Anameta, anavala, anadzikankha mpaka pabalaza n'kukhala moyang'ana chitseko kufikira dzuwa litapendeka. Ine ndinali kukhitchini ndikuimba nyimbo za kutchalitchi, mtima uli mbee. Patatha zaka khumi ndi chimodzi ndinali nditapambana tsopano, popanda ndewu, popanda kutukwana munthu.

Lachinayi lachiwiri anachitanso chimodzimodzi, ndipo nyimbo zija zinandithera pakhosi. Lachinayi lachitatu sanapemphe malaya. Anakana chakudya, anatembenukira kukhoma, n'kungokhala. Ululu unali utachoka, koma munthu anayamba kutha msanga kuposa pamene ankabuula. Ndinaima pakhomo la kuchipinda ndikuyang'ana msana wawo wowonda uja, mabala a singano akuonekabe, ndipo ndinachita mantha. Ndinasita malaya aja mokwiya, mpaka kolala inatsala pang'ono kupsa, n'kuwaponyera pabedi.

“Valani. Mnzanu wa matabwa akudikira.”

6

Chitunda chimenecho anachipanga Satana. Ndinafika pamwamba lilime lili kunja, ndikutukwana chamumtima aliyense amene anamangako nyumba.

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti Wamakatani ndi chiphadzuwa. Ananditsekulira chitseko mayi wamkulu kuposa ine, wa chifuwa chosatha, magalasi ake atamangidwa ndi ulusi. Kunena zoona zinandipweteka kwambiri, chifukwa kulandidwa mwamuna ndi chiphadzuwa kumamveka. Atationa anagwira chitseko kuti asagwe. Ndinamuuza kuti ndabweretsa katundu wake ndipo ndidzamutenga folo koloko. Anandipempha mwaulemu kuti ndilowe, ndinakana. Ananditulutsira kampando ndi tiyi pakhonde. Tiyi wakeyo anali wozizira, wosapsa, ndipo zimenezo zinandisangalatsa.

Zinapitirira choncho Lachinayi lililonse. A Macheka anayambanso kudya. Ine ndinkakhala pakhonde nditafulatira zenera, chifukwa ndinalumbira kuti sindidzasuzumira. Ndinapirira milungu inayi. Wachisanu ndinatembenuka. Mayi wosoka makatani a tauni yonse analibe katani pa zenera lake.

Munalibe zoti n'kutseka nazo maso. Iye anali pa makina akusoka, amuna anga ali kutsidya kwa chipinda atagwira nsonga ya nsalu kuti isakhudze pansi. Kenaka mayiyo anadzutsa mutu n'kunena kanthu. Makina ankalira, moti ine wa makutu awiri sindinamve kalikonse. Sanawerame, sanakuwe, anangogwedeza milomo. A Macheka anaseka mpaka kutsokomola, n'kumuyankha.

Ndinakumbukira pa geti paja. Makina ochekera akamalira palibe ankamva mnzake, ndiye amuna onse a pamalopo ankalankhulana ndi milomo yokha, wina ali uku wina ali uko. Tiyi ankaitanitsa choncho, ndipo ine ndinkayankha chimodzimodzi kuti shuga watha. Bambo ameneyu anandifunsira ali pamwamba pa mulu wa matabwa, ine ndili pa geti, popanda liwu lomveka, ndipo ndinamulola ndi milomo. Zonsezo ndinaziiwala, chifukwa kukhala Sipika kunkandikomera.

Tsopano ndikuuzeni zimene dokotala ananena m'mphindi khumi zija. Anati mitsempha ya ululu imagona moyandikana ndi imene imayendetsa mwendo ndi imene imagwira mkodzo, ndipo mankhwala alibe maso. Mwendo ukhoza kufooka, mwina osadzabwereranso. Anati poti bambowa akuyendabe aganize mofatsa, ndipo ngati kuli malo amene akufunabe kumapitako ndi miyendo yawo, tikhoza kudikira n'kuyesa kaye njira zina. Nditangomva za mwendo, chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi chitunda. Ndinkafuna kuti ululu uthe, inde. Koma pamene ndinkayang'ana kudenga m'chipinda chobayira muja, ndinkapempheranso kuti mankhwalawo atsike ndithu mpaka kumwendo.

Ndipo tsiku lofotokoza lija dokotala sanaphimbe kukamwa. Anakhala moyang'anizana nawo, akulankhula pang'onopang'ono.

7

Potsika ndinaimitsa chikuku pakati pa chitunda, ndinaika mwala kutsogolo kwa tayala, n'kukaima pamaso pawo. Ndinagwedeza milomo yokha, popanda mawu, kuwafunsa ngati akundimva.

“Ndakhala ndikukumva kuyambira pa geti paja,” anatero.

Ndinafunsa za dokotala. Anawerenga pa zala: mwendo, chikhodzodzo, ndi zoti tikhoza kudikira. Anati mayi uja amalankhula bwino, milomo yake siphonya. Ndinafunsa za magalasi. Anati pansi pa mpango. Ndinangokhala pansi m'mphepete mwa msewu, anthu ochokera kumsika akutilambalala.

Anawonjezera, ngati akundithandiza, kuti achemwali awo sananenepo kuti anenepa, ndipo aphunzitsi aja anati mwana wathu ndi waulesi ngati bambo wake. Anati ankangondisiya chifukwa nkhani zanga zinkakoma kuposa zenizenizo.

“Ndiye munasainiranji?” ndinafunsa.

“Ululu unali wanga. Akanati miyendo yonse iwiri, ndikanapereka. Mwendowu ndinaupereka ndekha ndikudziwa, iwe usadzitame.”

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiyalutsire pamaso pa dokotala. Anasisita bondo la mlendo uja. Kenaka anati zaka khumi ndi chimodzi sindinawaletsepo kupita, moti ankaganiza kuti mwina Lachinayi limandipatsa mpumulo. Anati tsiku limene ndinabisa magalasi ndi limene anadziwa kuti zimandipweteka, ndipo anachita manyazi, koma mbali ina anakondwa. Ndinkafuna kuwamenya ndi chikwama.

Linatsala funso limodzi, limene ndinalisunga zaka zonsezo. Ndinawafunsa chimene amakatenga kwa mayi wa chifuwa uja, woti ngakhale tiyi satha kuphika.

“Sandikuwira,” anatero. Anagwira khutu lakumanzere lija. “Limapweteka ili, Sipika. Ndinkaopa kukuuza. Unkaoneka wosangalala.”

Ndinachotsa mwala uja n'kugwira chikuku, ndipo tinatsika chitunda chonse mwakachetechete. Ndinayamika kuti wokankha amakhala kumbuyo, kumene sakanatha kuona nkhope yanga.

8

Sindinasiye kuwaperekeza. Wina angati nanga atakhululuka unkavutikiranji, koma zoti iwo anadziwa sizifafaniza zimene ine ndinkafuna. Komanso ndinali nditazolowera kutsika chitunda mothamanga kuti ndiwaopseze, ndipo kameneko kanali kachilango kanga kochepa.

Chimene chinasintha ndi kunyumba. Ndinayamba kukoka mpando, kukhala moyang'anizana nawo, n'kumalankhula ndi milomo yokha. Nyumba inangoti zii, mpaka anansi anatuma munthu kudzaona ngati tili moyo. Tinakambirana zambiri m'miyezi itatu imeneyo kuposa zaka makumi atatu ndi zinayi. Tinakangananso, ndipo ndikuuzeni kuti kukangana popanda mawu n'kovuta, chifukwa ukakwiya n'kutembenuka, mnzako samva mbali yabwino ya chipongwe chako.

Cha kumapeto ululu unayamba kubwerera pang'ono, malo ena, monga dokotala anachenjezera, ndipo mofini anagwiranso ntchito yake. Anamwalira Lachitatu m'mawa, ndili pampando uja, akuyang'ana pakamwa panga. Mawa lake ndinakwera chitunda ndekha, chopanda chikuku, ndipo chinandilemera kuposa masiku onse. Wamakatani anali pa makina. Ndinaima pa zenera lopanda katani lija n'kumuuza ndi milomo. Makina anaima.

Inu owerenga, jakisoni uja sindimuimba mlandu, ngakhalenso dokotala. Anachita zimene ananena, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo anawapatsa amuna anga miyezi yogona tulo ndi kuseka. Wolakwa ndi amene anaima pakati. Ambiri a inu mudzaperekeza wodwala kuchipatala, ndipo mudzamva mawu amene iye sanawamve bwino chifukwa cha mantha, ukalamba kapena chizungu cha madokotala. Mudzamupatse onse, ngakhale amene mukanakonda kuwaponda ndi phazi. Thupi ndi lake, ndipo kumene akufuna kupita ndi miyendo yake yotsalayo n'kwake, ngakhale kutakhala kumene inu kumakunyansani. Ine ndinachita mwayi kuti wanga ankawerenga milomo. Wanu mwina sadzatha.

Amene mumadziwana ndi abusa athu, kawauzeni apeze chitsanzo china. Chikuku ndinabweza kuchipatala, malaya abuluu ndinapatsa Wamakatani, ndipo masiku ano anthu amadandaula kuti ndimalankhula motsitsa kwambiri. Magalasi aja akadali m'chikwama, pansi pa mpango. Ndayesa kangapo kuwachotsamo, dzanja limakana.